Injiniya Akukonza Kaye Polembera

Injiniya anabwerera kwa amake ndi mkazi, mwana, laputopu ndi bolodi loyera. Mkazi ndi mwanayo amake sanadandaule nawo. Chimene chinawapweteka mtima ndi bolodilo. Munthu anali pa ntchito yabwinobwino yolemba mapulogalamu a kompyuta, ntchito imene bambo ake anamuphunzitsira ndi thukuta la m'galaja mpaka msana kupindika, ndiye tsiku lina anangodzuka n'kunena kuti iye sanabadwire kulembedwa ntchito. Anagula bolodi, n'kumabwereka maholo, n'kumauza anthu a nsapato zobooka kuti umphawi uli m'mutu. Zaka zinapita. Bambo ake anamwalira. Anthu aja anatopa naye, umphawi unatsika m'mutu n'kulowa m'matumba, ndipo Injiniya anagogoda pakhomo pa amake, bolodi lili m'khwapa.

Chimene chinatsegulitsa chitseko si iyeyo ayi. Anali Kanyerere, mwana wake wamkazi wosayamba n'komwe sukulu, amene anamutcha choncho chifukwa pomwe pali shuga ndi pomwe ankapezeka. Chimwalirireni amuna awo, amake Injiniya ankagona m'mphepete mwa bedi, mbali inayo ili zii ngati simenti. Kanyerere anangofika n'kulanda mbaliyo osapempha. Ankagona chopingasa, kuwaponda mateche m'nthiti, masiku ena kunyowetsa ndi matilesi omwe. Koma mayiwo anayambanso kugona tulo teniteni. Izi sankauza munthu. Akanalola kumeza lumo kusiyana n'kuti avomere kuti kamwana konunkha mkodzo ndi kamene kawabwezera moyo.

Tsono kampani ina yopanga mapulogalamu ogulitsira matikiti a basi inamutumizira Injiniya ntchito yomuyesera. Pulogalamu yawo ina inkakhazika anthu awiri pampando umodzi. Anati aikonze, aitumize Lachisanu asanaweruke, akakhoza ntchito ndi yake.

"Aka n'kamasewera," anatero Injiniya. "Tiyi asanazizire ndikhala nditamaliza."

Mkazi wake, namwino wosalankhulalankhula, anali akusita yunifolomu pakona. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Kanyerere, kuchipatala anandipatsa chipinda pafupi ndi kuntchito. Ndakhala ndikuchikana. Mukapanda kutumiza ntchitoyi Lachisanu, ine Loweruka ndikukalowa m'chipindacho. Ndi mwana."

Anapinda yunifolomu n'kuzimitsa simbi. Amake Injiniya anamva zonse. Mpongozi wawoyo ankamudziwa. Sanali woopseza anthu. Akanena kuti akubaya, ndiye kuti jakisoni walowa kale.

M'mawa mwake Injiniya anasuntha mbale ndi mtsuko wa shuga patebulo lodyera, anayalapo laputopu, anathyola zala, n'kukhala. Tiyi anazizira. Amake anamutenthetsera wina, nayenso anazizira.

"Wayamba?" anafunsa amake.

"Ndikusankha kaye edita, amayi."

"N'chiyani chimenecho?"

"Ndi pulogalamu yolemberamo mapulogalamu. Ili ngati benchi ya kalipentala. Simungapale thabwa lili pansi."

"Nanga kale unkalembera pati?"

"Ija inatha fasho. Nditaitsegula pamaso pa anthu akhoza kundiseka."

"Anthu ake ati? Muno muli ine ndi mwana wako. Ine ndinayamba kale kukuseka, ndatopa."

Injiniya anamwetulira ngati dokotala amene wafunsidwa funso ndi wodwala. Anati amayi sangamvetse, zinthu zinasintha kwambiri iye chichokereni, pali maedita ambirimbiri ndipo ukasankha molakwika umavutika moyo wako wonse. Tsiku limenelo anakopera asanu. Anatsegula yoyamba, anati ndi yolemera. Yachiwiri anati ndi yopepuka kwambiri, munthu sangaikhulupirire. Yachitatu anaikonda mpaka madzulo, kenaka anawerenga pa intaneti kuti mnyamata wina wa kudziko lina anaisiya, nayenso anaisiya.

Tsiku lotsatira inali nkhani ya mitundu. Anati sikirini yoyera imapha maso, ndiye anaidetsa. Atadetsa anati yada kwambiri. Anapeza kuda kwina kopita ku buluu, ndi kwinanso kopita ku phulusa, ndipo anawaitana amake ali pakati pochapa kuti adzaweruze.

"Taonani, uku ndi uku, kwabwino n'kuti?"

Amake anapukuta thovu m'manja n'kusuzumira.

"Ndi chimodzimodzi."

"Ayi amayi, yang'anitsitsani."

"Ndayang'anitsitsa. Ndaona mwana wa munthu wa ndevu zake akusankha kuda ngati akugula nsalu ya maliro. Anthu awiri aja akadali pampando umodzi?"

"Tifikako."

Sanafikeko. Anapita kwa zilembo. Panali ziro wa kadontho m'kati ndi ziro wa kamzere, ndipo anati munthu wozindikira sangalembe kanthu asanadziwe ziro wake. Atamaliza ziro anayamba kuikamo tizinthu towonjezera timene ankati mapulagini. Kena kokongoletsa mawu, kena kowongola mizere, kena komuuza ngati kunja kukugwa mvula, chonsecho windo lili pambali pake penipeni, lotsegula. Mapulagini atachuluka anayamba kumenyana okhaokha, ndiye anaikamo pulagini ina yoyang'anira anzake. Imeneyo inakana kugwira ntchito pokhapokha aikemo inanso. Amake akafunsa za ntchito ya kampani, yankho linali limodzi: wokonza bwino polembera amalemba mofulumira. Iwo ankangoti ndionetsetse anathetsa nkhosa, n'kumenyetsa chitseko cha kukhitchini.

Ngati kuti mmodzi sakukwana, kunabwera anzake awiri a kusukulu kudzamuthandiza nzeru. Mmodzi ankamutcha Ndevu, winayo Wamagalasi. Anakhala patebulo n'kumaliza buledi wa mwana.

Ndevu anali wa edita yakalekale imene sifuna mausi. Anati kugwira mausi ndi ulesi, manja a munthu weniweni sachoka pa kiyibodi. Anamuikira Injiniya editayo, Injiniya analowamo, n'kulephera kutulukamo. Anadina ichi, anadina icho, chinthu chikungolira. Mapeto ake anazimitsa laputopu yonse.

"Aliyense amayamba choncho, aise," anatero Ndevu monyadira. "Ine chaka choyamba ndinkangozula waya."

Wamagalasi anali wa edita yatsopano imene imakumalizira mawu usanaganize n'komwe. Anati za Ndevuzo ndi za anthu okonda kuzunzika, bola angogona pa misomali. Ndevu anati za Wamagalasizo ndi za ana oyamwa. Kenaka anagwirana pa nkhani yakuti mzere uziyamba ndi timipata kapena ndi batani limodzi lodumphitsa timipata tingapo nthawi imodzi, mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Amake Injiniya anaonapo mipingo ikugawikana chifukwa cha tsiku lopemphera, koma aja ankalimbirana kumwamba. Awa ankalimbirana malo opanda kanthu kumayambiriro kwa mzere.

Mayiwo anatulukira ndi tsache m'manja.

"Iwe wa ndevu, umagwira kuti ntchito?"

"Pakadali pano, amayi, ndikuonaona kaye."

"Nanga iwe wa magalasi?"

"Ine ndili ndi pulojekiti yanga. Ndikungomalizitsa kukonza edita."

"Ndiye mwabwera kudzamupatsira. Kwezani mapazi ndisese. Kapena tulukani ndi zinyalala zomwezi, musandivutitse kawiri."

Anatuluka akuti amayi ndi anthabwala. Pamsewu mkangano unapitirira, unkamveka mpaka pokhotera.

Lachinayi m'mawa sutikesi ya namwino inali itaima m'kolido, yotsegula. Namwino sanakalipe, sanalire. Ankangoti akadutsa, waikamo kanthu. Kanyerere anaona ngati ndi masewera, nayenso anaikamo chidole chake chopanda mkono ndi nsapato imodzi.

"Agogo, inu muika chiyani?"

Agogo ake anangoilambalala sutikesiyo. Anapita kwa mwana wawo.

"Iwe, mawa ndi Lachisanu."

"Ndikudziwa, amayi. Zonse zili m'malo tsopano. Changotsala ndi kiyibodi. Ya pa laputopuyi ndi yofewa, zala sizikumva kuti zalemba. Ndevu akudziwa munthu woti andibwereke yolira ija, yangati taipi ya kale. Ndingopita n'kubwera."

Anavala jekete n'kutuluka, akuimba mluzu.

Amake anatsala ataimirira, akuyang'ana laputopu ija patebulo. Ndipo anakumbukira amuna awo. Malemuwo anali ndi manja abwino, injini yakufa ankaidzutsa, koma panali chaka china chimene botolo linawagwira pakhosi. Mayiwo anawalankhula, anawatumira abale, anawatumira abusa, osamva. Tsiku lina mayiwo anangosonkhanitsa mabotolo onse, a kuseri kwa kabati, a m'bokosi la masipanala, a m'nsapato zamvula, n'kukhuthulira m'sinki mwiniwake akuona. Bamboyo analira ngati mwana, anatukwana, anagona osadya. Mawa lake anadzuka n'kupita ku galaja. Kuyambira pamenepo amake Injiniya ankadziwa chinthu chimodzi: mwamuna sumukambirana naye za botolo lake, umangolitaya.

Anakulunga laputopu m'thawulo, anamugwira Kanyerere padzanja, n'kulunjika kwa wokonza mafoni. Kashopu kake kanali pansi pa masitepe, pakati pa ometa tsitsi ndi odula makiyi, kodzaza mafoni ong'ambidwa mimba. Mwiniwake anali atawerama ndi kagalasi pa diso limodzi.

"Muli chinthu muno chotchedwa edita," anatero mayiwo akutula katundu pa kauntala. "Chichotse."

Wokonza mafoni anatsegula laputopu, anadina, n'kupukusa mutu.

"Ili ndi pasiwedi, amayi. Popanda mwiniwake sindingalowe n'kuchotsa chinthu chimodzi. Pokhapokha ndiifomate."

"Lankhula zomveka."

"Kuichapa yonse. Itsale ngati yangochoka m'sitolo."

"Muli ntchito ya kampani imene anamutumizira. Imeneyo ipitanso?"

"Anatumiza pa imelo?"

"Ndinamva choncho."

"Ndiye ili pa intaneti, singapite. Akatsegula imelo aipeza. Koma zina zonse zipita, amayi. Mwiniwake akudziwa?"

"Mwiniwake ndinamubereka ine."

"Ayi, ndimangofunsa, chifukwa anthu a makompyutawa akamabwera kuno amabwera ndi moto."

"Moto wake ndi wa pepala. Chapa."

Anakhala pa benchi ya ometa tsitsi, Kanyerere ali pamiyendo, mpaka ntchito inatha. Pobwerera mtima unali m'malo. Anaibwezera laputopu patebulo, anaiwongola bwinobwino, anakoka mpando n'kukhala moyang'ana kukhomo, manja atapinda. Mawu anali atawakonza kale. Akalira, amuuza kuti bambo ake analira kuposa pamenepo. Akatukwana, amukumbutsa kuti nyumba ndi ya ndani. Akamaliza zonsezo adzakhala pansi, popeza palibenso choseweretsa, ndipo adzalekanitsa anthu awiri aja pampando.

Injiniya anafika dzuwa litapendeka, chikiyibodi chili m'manja ngati mwana wakhanda. Anachilumikiza, anatsegula laputopu, anadina batani. Sikirini inayaka yoyera mbee, n'kumulonjera ngati mlendo, n'kumufunsa dzina.

 Anayang'ana sikirini, anayang'ana amake, anayang'ananso sikirini.

"Ndine," anatero amake. "Ndakaichapitsa. Edita yako, mitundu yako, ziro wako, zonse zapita. Ntchito ya kampani ili pa imelo. Lira msanga uyambe."

Injiniya sanalire. Milomo inayamba kunjenjemera, amake anati eya, wayamba. Koma kunali kumwetulira. Kunakula pang'onopang'ono mpaka mano onse panja.

"Yonse?" anafunsa monong'ona. "Palibe chatsala?"

"Palibe."

"Amayi, simukudziwa chimene mwachita." Anadzuka n'kuwakumbatira, chinthu chimene sanachite chiikireni maliro a bambo ake. "Zija ndinaziyamba molakwika. Ndinkadziwa, koma ndinkaopa kuzifufuta. Munali zinyalala zokhazokha, mapulagini pamwamba pa mapulagini, maedita asanu kupondana. Munthu sungamange pa maziko otere. Tsopano ndiyamba bwinobwino, kuchokera pansi."

"Uyamba ntchito ya kampani."

"Eya, eya, imeneyonso. Koma ulendo uno ndichenjera. Ndilemba kaye kapulogalamu koti kaziika zonse kokha, edita, mitundu, chilichonse, kuti zikadzafufutikanso ndizingodina kamodzi. Ndi mmene akatswiri amachitira." Foni inali kale kukhutu. "Aise Ndevu, uli kuti? Bwera msanga. Ndili ndi makina oyera. Ayi, oyera enieni, osakhudzidwa. Umuuzenso Wamagalasi, koma asabwere ndi maganizo ake."

Amake anakhala pampando paja, mawu onse amene anakonza atasowa ntchito. Zaka zonsezi ankadziwa kuti chidakwa ukachitayira mowa chimalira. Palibe anawauzapo kuti kuli chidakwa china chimene chimakondwera ndi botolo lopanda kanthu, chifukwa kukoma kwake kuli pothira.

Lachisanu chikiyibodi chija chinalira tsiku lonse, kwa kwa kwa, ngati matalala padenga. Aliyense wodutsa pamsewu akanati muno muli munthu wolimbikira. Amake anasuzumira kangapo. Anaona mizere yambirimbiri ikutsika pa sikirini, mwana wawo akulemba ndi liwiro limene sanalionepo, thukuta lili pamphumi, lilime lili panja. Ntchito ankaidziwa ndithu, mwana wa galuyo. Zala zinali zisanaiwale kanthu.

"Imeneyo ndi ya basi?"

"Ndi kapulogalamu koika edita kaja. Katsala pang'ono."

Namwino anafika madzulo, anavula nsapato pakhomo, n'kuima kumbuyo kwa mwamuna wake.

"Mwatumiza?"

"Ndinawalembera kuti andiwonjezere masiku."

"Ayankha?"

"Akuti atenga wina." Anatembenuka ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa. "Koma ndikuuze, amake Kanyerere, kampani yothamangitsa munthu chonchi sidziwa kufunika kwa zida. Ndikanakavutika nayo. Ikabwera ina indipeza ndili wokonzeka. Taona, ndikangodina apa..."

Namwino anali atalowa kale kuchipinda. Kunamveka zipi ya sutikesi.

Loweruka m'mawa kagalimoto ka katundu kanaima pakhomo. Woyendetsa anakweza sutikesi, matilesi a namwino, simbi ndi katoni ya mbale. Kanyerere ankadumphadumpha, akufunsa ngati akhale kutsogolo. Injiniya anatuluka ndi masilipasi, n'kumazungulira galimoto, n'kumati zinthu zotere zimafuna kukambirana, anthu asamapupulume.

Kenaka amake anatulukira. Anali atavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato zotseka, chikwama chachikulu chili m'manja, pilo ali m'khwapa. Anamupatsa woyendetsa chikwamacho.

"Ichinso."

"Amayi, mukupita kuti?" anafunsa Injiniya.

"Kumene kukupita mwanayu."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba ndi iyo. Bambo ako anaimanga ndi sipanala imodzi yobwereka. Ikonze mmene ukufunira. Uyambire pansi." Anamuponyera makiyi, anagwera m'fumbi. "Ukapeza ntchito udzatiuze. Usadzatiuze kuti watsala pang'ono, udzatiuze kuti wapeza."

Namwino anawakokera pambali, n'kutsitsa mawu.

"Amayi, chipindacho n'chimodzi."

"Ndamva."

"N'chaching'ono. Bafa ndi la anthu onse, lili panja."

"Ndakulira m'nyumba ya matailosi ine? Mukakhala ku ntchito mwanayu azikhala ndi ndani? Mumusiyira oyandikana nawo osawadziwa, azimudyetsa zotsala?"

"Anthu adzati ndakutengani m'nyumba mwanu."

"Anthu adzati chiyani ine ndili pomwepo? Abwere adzanene ndikumva."

Namwino anawayang'ana. Maso ake anali ofiira, koma pakamwa panayamba kumasuka.

"Bedi ndi limodzinso."

"Ine ndigona pansi ndi mwanayu. Sindivuta. Sindiliza n'komwe mkonono."

"Mumaliza, amayi."

"Ndani wanena?"

"Khoma lija ndi lopyapyala."

"Ndiye muzolowera," anatero amake Injiniya, n'kukwera kutsogolo. Anamukweza Kanyerere pamiyendo, anakoka chitseko, chinakana, anachimenyetsa. "Adalaivala, tiyeni. Mukudikira kuti atisankhire msewu?"